Chitenje Pakati pa Makina

Kopaletivi yathu ili kuseri kwa msika wa Malomo, m'nyumba ya njerwa imene kale ankasungiramo fodya. Ine ndakhala mlembi wake chiyambireni. Sanandisankhe chifukwa chodziwa zambiri. Ndinaphunzitsako ana ku pulayimale, ndipo anthu a kwathu amakhulupirira kuti munthu amene anagwirapo choko sangataye cholembera.

Tili ndi lamulo limodzi limene sitinaliphwanyepo. Uthenga ukabwera woitana munthu ku maphunziro, a m'komiti timapita mosinthana: wina wa pa benchi ya amayi, kenako wina wa pa benchi ya abambo, kubwereranso kwa amayi, mpaka tonse titakwana. Lamuloli linabadwa ndi mkangano. Zaka zoyambirira a tcheya ndiwo ankapita kulikonse, ku Mponela, ku boma, ku Lilongwe, mpaka anthu anayamba kuyang'anitsitsa malaya awo. Kuyambira pamenepo sitifunsa kuti maphunzirowo ndi a chiyani. Timangofunsa kuti, “Ulendo uno ndi wa yani?” Motero bambo wina amene alibe ndi nkhuku yomwe anakaphunzira za katemera wa mbuzi, ndipo mayi wina anakaphunzira kutsatsa mbewu pa foni, foniyo alibe. Koma mtendere unabwera, ndipo ine mtendere ndimautenga ngati chinthu chachikulu.

Wobwera ku maphunziro amapereka lipoti pa msonkhano wa mwezi. Kaperekedwe kake tinatengera ku tchalitchi, mmene nthumwi zimafotokozera zikachokera ku msonkhano wa mpingo kapena ku maliro akutali. Munthu amaimirira ndi kuthokoza Mulungu amene anamusunga pa msewu. Amanena kuti anayenda bwino, kungoti minibasi inaima nthawi yaitali podikira anthu. Anawalandira bwino, anagona pabwino, anadya nyama. Aphunzitsi anali aulemu. Anzathu a ku Dowa ndi a ku Kasungu akupereka moni. Ife timayankha tonse pamodzi kuti, “Zikomo, taulandira.” A tcheya amafunsa ngati pali funso. Funso silikhalapo, chifukwa kufunsa munthu wamkulu zimene wakaphunzira kuli ngati kumulembetsa mayeso pagulu. Ine ndimalemba kuti lipoti laperekedwa ndipo lalandiridwa. Azondi aja amene anatumidwa kukaona dziko la malonjezano anabwerako atanyamula mphesa pamtengo, anthu awiri kuthandizana. Athu ankabwerako ndi moni, ndi kachikwama ka nsalu kolembedwa Chingerezi.

Za mpendadzuwa ndinayambitsa ndine. Fodya ndinamusiya amuna anga atamwalira. Thupi silinkalolanso, ndipo chikumbumtima chinali chitayamba kale kukana. Bungwe lina la ku Lilongwe litanena kuti likhoza kutipatsa makina oyengera mafuta ophikira ngati titalima mpendadzuwa wokwanira, ndinayenda khomo ndi khomo. Ndinalankhulanso kwa amayi anzanga pa msonkhano wathu wa kutchalitchi wa pakati pa sabata. Ndinawakumbutsa za mkazi wamasiye uja amene mneneri anamuuza kuti akabwereke mitsuko yopanda kanthu kwa anansi ake, mafuta ndi kudzaza yonseyo. Ndinalankhula ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinakhulupirira chilichonse chimene ndinanena. Amasiye angapo anasiya fodya ndi soya, ndi kudzala mpendadzuwa chifukwa cha mawu anga. Chaka chimenecho munthu ukaima pachitunda cha kwathu unkaona chikasu chokhachokha kutsetsereka mpaka kudambo.

Makinawo anafika mbewu idakali m'munda. Anawakhazika m'kachipinda ka kumapeto, ka khomo limodzi ndi zenera laling'ono. Maphunziro ake anali ku Mponela, ndipo anawagawa patatu, mwezi uliwonse gawo lake: kukonza mbewu ndi kudzutsa makina, kuthina ndi kukonza makina akatsekeka, kusefa ndi kusunga mafuta. Uthenga unati titumize woyendetsa makina. Woyendetsa makina tinalibe. Tinali ndi mabenchi awiri.

Ulendo woyamba unagwera a vaisi, wachiwiri kwa a tcheya. Ndi mayi wamkulu, wamfupi, wa manja olimba, amene sanapite patali ndi sukulu koma saiwala chinthu chimene manja awo agwirapo. Ulendo wachiwiri unagwera bambo wokonza njinga pa msika pomwepo, amene anakwatira mwana wamkazi wa a vaisiwo ndipo amakhala chikamwini m'mudzi mwawo. Wachitatu unagwera ine.

Anthu awiriwa amasunga mwambo wa upongozi mmene unalili kale. Sayang'anizana, salankhulana maso ndi maso, sakhala m'chipinda chimodzi. Masiku ano ambiri anausiya, ndipo ena amafika pojambulitsa chithunzi atakumbatira apongozi awo. Awa ayi. Akakumana pa njira, akamwini amapatukira m'chimanga. Chimanga chikakololedwa amapatukabe, ndi kuima m'mapesi akuyang'ana phiri. Denga la malata la a vaisi anakhoma ndi akamwiniwo, eni nyumba atapita kukakhala kwa mng'ono wawo mpaka ntchito inatha. Ku tchalitchi kulibe vuto, chifukwa amuna ali ndi mbali yawo. Ku komiti kunalibenso vuto, chifukwa timakumana panja pansi pa mtengo wa mango, ndipo aliyense wa iwo amatembenuzako pang'ono thupi. Akamwini akapereka ganizo labwino, a vaisi amati, “Ndikugwirizana ndi mawu amene achokera mbali iyo.” Chidani panalibe. M'dera lathu lonse sindikudziwa mkamwini wina amene amalemekezedwa chotero.

Tonse atatu tinapita, tinabwera, tinapereka malipoti. Langa linali lalitali pang'ono chifukwa kubafa kunkatuluka madzi otentha pampopi, ndipo amayi anafuna kumva bwino. Ndikukumbukira kuti m'kalasi mphunzitsi ankakonda kunena kuti, “Monga munaona ulendo wapita uja.” Anthu a magulu ena ankagwedeza mitu, chifukwa iwo anali omwewo ulendo uliwonse. Inenso ndinkagwedeza, kuti ndisachedwetse anzanga.

Titakolola, matumba anadzaza chipinda chachikulu, ndipo ena anatsala m'nyumba za eni ake. Tsiku loyamba kuyenga, mkulu wa mpingo anabwera kudzapemphera. Anthu anabwera ndi mabotolo otsukidwa bwino. Mayi wina wamasiye, amene timakhala naye benchi imodzi ku tchalitchi, anabwera ndi chigubu. Palibe anafunsa kuti ayendetse ndani. Munthu wokonza njinga analipo, ndipo anali atapita ku maphunziro. A vaisi anakhala pansi pa mango, chifukwa m'kachipinda muja munali akamwini awo.

Akamwini anathina chogwirira cha kumapeto kwa makina mpaka chinalimba, anayatsa, ndi kukhuthulira beseni lonse la mbewu m'chidebe cha pamwamba. Makina anabuula. Kunatuluka ufa wakuda ndi utsi wonunkha ngati mtedza wopserera. Kenako anaima okha. Mkulu wa mpingo anati mwina magetsi ndi ochepa, ndipo anapita kwawo. Anthu anabwerera ndi mabotolo awo.

Akamwini anamasula makinawo ndi kugoba mbewu imene inauma m'kati ngati njerwa. Ntchito imeneyi ankaidziwa bwino kwambiri, chifukwa ndiyo anakaphunzira, ndipo makina ankawapatsa mpata woionetsa nthawi iliyonse akayatsa. Ine ndinali nditachapa nsalu zanga zosefera, kuzisita ndi kuzipinda. Zinakhala choncho pa shelefu, zoyera ngati nsalu za pa gome la Mgonero, kudikira mafuta.

Mlangizi wa bungwe lija anabwera pa njinga yamoto. Anali mayi wachitsikana, waulemu, wosakweza mawu. Anazungulira makina, anagwira ufa wakuda uja, ndi kufunsa kuti, “Anaphunzira ndani?”

“Kuno timaphunzira tonse, mayi,” anatero a tcheya. “Sitisankha.”

Mlangiziyo anati mphunzitsi uja anamaliza ntchito yake ndipo anapita kwina, ndiye sakanatha kumubweretsa. Anati iye mwini anaphunzira za misika, osati za makina. Kenako ananena chimene anabwerera. Gulu lina la kufupi ndi Madisi linali ndi mpendadzuwa wambiri ndipo linalibe makina. Mwezi ukatha athu asanatulutse mafuta, lole ibwera kudzawatenga.

Sabata imeneyo, mapemphero atatha, mayi wa chigubu uja anandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi. Anati makoswe a m'nyumba mwake anenepa, ubweya ukuchita kunyezimira. Kenako anati, “A mlembi, mitsuko ija tinabwereka. Mneneri ali pati?”

Anaseka, inenso ndinaseka. Koma pobwerera kunyumba ndinaganizira zimene ndinachita. Ndinali nditatenga Mawu a Mulungu ndi kuwaika ngati chikole pa makina amene sindinkawadziwa. Lole ikanabwera, amayi aja akanatsala ndi mbewu imene saidya, ndipo ine sindikanathanso kuimirira pakati pawo ndi kutsegula Malemba. Ndinapemphera kwambiri masiku amenewo. Sindinapemphe chozizwitsa. Ndinapempha kuti dzina la Ambuye lisanyozeke chifukwa cha pakamwa panga.

Lolemba ndinapita kwa akamwini pa shedi yawo ya njinga. Ndinawapeza akumata chubu.

“Bambo, kodi kudzutsa makina anakuphunzitsani?”

“Anati zimenezo tinaphunzira ulendo woyamba.”

“Ndiye simunafunse?”

“Ndikanafunsa bwanji, onse akugwedeza mitu?”

Ndinangofunsa kuti, “Ulendo woyamba anapita ndani?” Ndinkadziwa, iwonso ankadziwa. Anaika chubu m'madzi, kuyang'ana thovu nthawi yaitali, ndi kunena motsitsa kuti, “Amayi.”

A vaisi ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Ndisanamalize kufotokoza anati, “Ndinkamva ndili pansi pa mango paja. Makinawo akuwapatsa chakudya asanadzuke. Mbewu nayonso yauma kwambiri. Inkachita kumveka pokhuthula.”

“Mayi, bwanji simunanene?”

“Ndinene kwa yani? Ndikawachititse manyazi akamwini anga anthu atabwera ndi mabotolo? Ndiponso lipoti langa ndinapereka. Munalilandira. Munalemba ndinu.”

Zinali zoona. Ndinawapempha kuti andiuze zonse, ine ndikapereke kwa akamwini. Anavomera ndi mtima umodzi. Anati mbewu iyenera kupetedwa, kuchotsa miyala, ndipo ikauma kwambiri muiwaze timadzi madzulo kuti ifewe pofika m'mawa. Ndinafunsa kuti madzi ochuluka bwanji. Anati, “Bweretsani ndiigwire.” Anati makina amayamba chogwirira chitamasulidwa, mbewu mukuthira pang'onopang'ono ndi dzanja, mpaka atenthe ndi kusintha mawu. Ndinafunsa kuti mawu ake amakhala otani. Anati amatsika, ngati abambo a kwaya akalowa pa besi. Ndinafunsa kuti amatsika mpaka pati. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kulemera kwa mphepo. “Ndikawamva ndidziwa,” anatero.

Tinayesa choncho. A vaisi anakhala pansi pa mango, akamwini m'kachipinda, ine pakati. A vaisi akamva mawu atsika ankakweza dzanja, ine ndi kuthamangira kuchipinda. Pofika pakhomo nthawi yake inali itapita. Akamwini akafunsa kanthu ndinkathamangira ku mango, ndi kubwerako ndi yankho la funso limene makina anali atalisintha kale. Mafuta anadontha pang'ono, okwana kudzola m'manja, makina ndi kutsekekanso. Mawondo anga anatupa. Anyamata a kabaza amene ankaonerera pa msewu anandifunsa ngati ndikukonzekera mpikisano.

Komiti inakumana pansi pa mango. Wina anati a vaisi ayendetse okha. A vaisi anati kudzutsa amadziwa, koma kuthina sanaphunzire, ndipo makina akatsekeka iwo angangowayang'ana. Wina anati akamwini aphunzitse bambo wina kuthina. Akamwini, atayang'ana kumbali, anati kuthina kumaphunzitsika makina akuyenda, ndipo makina sakuyenda. A tcheya anatsokomola ndi kunena kuti m'mabanja ena mwambowu amauthetsa: mkamwini amapereka nkhuku, akuluakulu ndi kulola kuti awiriwo azilankhulana. Anati kopaletivi ikhoza kuthandiza kupeza nkhukuyo.

“Nkhuku ndili nazo,” anatero a vaisi. “Chikwatirireni mwana wanga, bambo amene mukuwanenawo sitinakanganepo ndi kamodzi komwe. Amene amalankhulana ndi akamwini awo, pitani mukamve zimene amalankhulana.”

Palibe anatsutsa. Apongozi a a tcheya tonse tinkawadziwa, ndi mawu awo omwe.

Bambo wina anati mwambowu mulibe m'Malemba. Onse anayang'ana ine. Ndinali nditafufuza kale kunyumba. Ndinanena zimene ndinapeza: palibe pamene akuulamula, palibenso pamene akuuletsa, koma za kulemekeza akulu zilimo zambiri, ndi za kusakhumudwitsa mnzako pa chinthu chimene chikumbumtima chake chagwira. Msonkhano unatha ndi pemphero, popanda chogwirizana, mwezi uli pafupi kutha.

Njira inachokera kwa mwana wa a vaisi, mkazi wa akamwiniwo, amene sali m'komiti. Tsiku lotsatira anabweretsera amuna ake mbatata yophika, ndi kundipeza nditakhala pa thumba la mpendadzuwa ndikusisita mawondo.

“Koma inu a komiti mumavutika,” anatero. “Mwana wathu woyamba atadwala malungo, amayi anakana kuchoka pambali pake, abambo akewo anakananso. Nyumba yathu inali ya chipinda chimodzi. Ndinangopachika chitenje pakati, mwana mutu uku, miyendo uko. Anakhala choncho mpaka anachira.”

Ndinalowa m'kachipinda ndi kuyang'ana makinawo ngati ndikuwaona koyamba. Chidebe chothiramo mbewu chili mbali ya kuzenera. Chogwirira chothinira chili mbali ya kukhomo. Pakati pali malo okwana waya.

Ndinapereka zitenje zanga ziwiri, zimene ndinkavala pa misonkhano ya amayi. Tinazilumikiza ndi mapini ndi kuzipachika kuchokera kukhoma kufika kukhoma lina, kudutsa pamwamba pa makina, kusiya kampata kumapeto koti ine ndiimepo. Madzulo a vaisi anagwira mbewu, analuma njere imodzi, anawaza madzi ndi dzanja ngati akuwaza pabwalo asanasese, ndi kuphimba ndi matumba. M'mawa analowa poyamba ndi kupita kuseri kwa chitenje. Ndinatuluka kukaitana akamwini, amene ankadikira kuseri kwa nyumba. Tinapemphera, aliyense mbali yake.

“A mlembi,” anatero a vaisi, “muwauze amasule kotheratu.”

Akamwini anali pafupi moti akanatambasula dzanja akanagwira chitenje. Anamva mawu onse. Koma anaima chilili, manja kumbuyo, kuyang'ana ine.

“Akuti mumasule kotheratu,” ndinatero.

Anamasula. “Muwauze amayi kuti ndamasula.”

“Akuti amasula.”

“Muwauze zikomo. Ayatse.”

Mtsogoleri uja wa m'Malemba amene anadandaula kuti lilime lake ndi lolemera anapatsidwa mbale wake kuti akhale pakamwa pake. Ine ndinakhala pakamwa pa anthu awiri amene malilime awo analibe vuto lililonse.

A vaisi ankathira mbewu ndi dzanja, pang'ono, kudikira, pang'ononso. Makina ankalira mopepuka. Tinakhala choncho nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuganiza za lole. Kenako mawu aja anatsika. Ndinawamva ndi ine ndemwe, m'chifuwa momwe. A vaisi anati, “Pano. Muwauze athine pang'ono, ngati akumanga mwana kumsana.” Ndinabwereza. Akamwini anathina. Kumbali kwawo kunayamba kutuluka zotsalira zimene timazitcha keke, zopyapyala ngati makungwa a bulugamu. A vaisi anapempha kachidutswa. Ndinakalandira kudzanja lamanja ndi kukapereka kudzanja lamanzere. Anakathyola, kukanunkhiza, ndi kunena kuti awonjezere pang'ono.

Kenako akamwini anati, “A mlembi, muwauze amayi kuti akamva kakulira kameneka asiye kaye kuthira. Ndi lamba akuterereka.”

Ndinawauza. “Muwauze ndamva,” anatero a vaisi. “Zimenezo ife sanatiphunzitse.”

Mafuta anayamba ndi madontho, kenako anayenda ngati ulusi, kenako ngati madzi a pa mlomo wa ketulo. Anali akuda, a matope, osaoneka ngati chinthu chophikira ndiwo. Ndinaona nkhope ya akamwini itagwa. Pamenepo ndinakumbukira kuti inenso ndili ndi gawo langa, ndipo awiriwa sankalidziwa. Ndinawauza kuti amatuluka choncho, ayenera kukhazikika kaye kenako kusefedwa. Ndinanena kawiri, kuyang'ana kumanzere, kenako kumanja. Nsalu zanga zinada tsiku limenelo, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kuda kwake.

Dzuwa lili pamutu, kamwala kamene kanapulumuka popeta kanalowa m'makina. Mawu anasintha mwadzidzidzi, kukhala kubuula kuja kwa tsiku loyamba. Ine ndinali nditawerama pa ndowa ya mafuta. A vaisi anakuwa kuti, “Masulani!” Akamwini anamasula nthawi yomweyo. Makina anatsokomola, analavula kamwalako, ndi kupitiriza.

Chitenje chinkangogwedezeka ndi mphepo ya lamba.

Kenako a vaisi anati, “A mlembi, ndimauza inu.”

“Ndamva, mayi,” ndinatero. Ndinatembenukira kwa akamwini. “Akuti mumasule.”

“Muwauze amayi kuti ndinamasula kale,” anatero akamwini, akuyang'ana pansi.

Nkhaniyi sinatchulidwenso, ndipo m'lipoti la tsikulo sindinailembe.

Mlangizi anabwera mwezi utatha, lole ili m'mbuyo mwake. Anapeza makina akuyenda, ndowa zitandandalikana, anthu ali pa mzere panja. Anaima pakhomo kumvetsera mmene mawu ankadutsira mwa ine. Kenako anafunsa a tcheya ngati nsaluyo ndi yotchinga fumbi.

“Ndi ya ulemu,” anatero a tcheya.

Mlangiziyo anayang'ana mapazi a a vaisi amene ankaoneka pansi pa chitenje, anayang'ananso akamwini, ndi kugwedeza mutu. Nayenso ndi mwana wa munthu, ali ndi kwawo. Anatuluka kukauza dalaivala wa lole kuti abwerere. Asanakwere njinga yake anandifunsa funso limodzi: “Nanga tsiku limene mmodzi wa inu atatu adzadwale?”

Funsoli linandikhala mumtima. Ndinazindikira kuti popeza mawu onse ankadutsa pakamwa panga, ndinali nditayamba kudziwa magawo onse atatu. Ndinkatha kumva besi ija, ndinkadziwa kulira kwa lamba. Kale nzeru ya makina inali m'mitu itatu yosakumana. Tsopano inkasonkhana m'mutu umodzi, wa mayi wa mawondo otupa amene masiku ake ali m'manja mwa Ambuye. Mtumwi analangiza wophunzira wake kuti zimene wamva azipereke kwa anthu okhulupirika, oti nawonso akaphunzitse ena. Sananene kuti azisunge pa shelefu atazisita.

Pa msonkhano wotsatira ndinapempha kuti lamulo la kusinthana tilionenso. Komiti inakana, mogwirizana ndiponso mwachangu. Ndiye ndinapempha china. Ndinati kuima pa chitenje ndi ntchito yotopetsa, ndipo si chilungamo kuti izigwera munthu mmodzi. Bwanji tiziima mosinthana, mamembala onse, mayi kenako bambo? A tcheya anati limeneli ndi ganizo la nzeru, logwirizana ndi chikhalidwe cha kopaletivi yathu. A vaisi anati akugwirizana nalo. Kumbali ina ya mango kunachokera mawu ogwirizana ndi mawu amene anachokera mbali iyo.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse loyenga pa kampata paja pamaima munthu wina. Ntchito yake ndi kubwereza zimene wamva, uku ndi uku, kuyambira m'mawa mpaka makina azime. Munthu sungabwereze mawu tsiku lonse osatsalako nawo. Pano alipo angapo amene amaluma njere ndi kudziwa ngati ikufuna madzi, ndipo bambo uja wa katemera wa mbuzi amathina bwino kuposa mmene tinkayembekezera. A vaisi atadwala chibayo chaka chatha, makina sanaime. Akamwini anayendetsa ndi mayi wina, ndipo chitenje anachisiya pomwepo, ngakhale kuseri kwake kunalibe woti amupewe.

Lipoti nalonso linasinthako pang'ono. Moni timalandirabe, za nyama timamvabe. Koma wobwera ku maphunziro akamaliza, a tcheya amati, “Moni taulandira. Mphesa zili kuti?” Mawuwa anatengera kwa ine, ndipo amawanena ngati anawapeza okha. Munthuyo amayenera kutionetsa ndi manja chinthu chimodzi chimene wakaphunzira. Ena amadandaula kuti ulendo wa ku Mponela sukomanso ngati kale.

Mayi wa chigubu uja anali woyamba kulandira mafuta osefedwa. Anakweza chigubucho kudzuwa, kuyang'ana mtundu wake, ndi kuthira kadontho pa chala kuti alawe. Ndinaima pambali kudikira kuti anenepo za mneneri. Iye anasuzumira m'kachipinda, kuona zitenje zanga zitadzaza madontho a mafuta kuyambira pa waya mpaka pansi.

“Mafuta ndi abwino,” anatero. “Koma zitenje zija, a mlembi, musadzabwerenso nazo ku tchalitchi.”